Agogo akuti anali "bellowing": ndithandizeni mawu amenewa

Nachisale wa ku Leeds: Abale, mwadzuka bwanji kumeneko? Ine ndangoweruka kumene, maso akuwawa koma tulo sitikubwera chifukwa cha manyazi amene ndachita usiku wathawu. Ndimagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba. Polowa shifiti ya usiku ndinatsegula buku limene timalembamo za agogo aliyense, ndipo pa dzina la agogo ena aamuna a m'chipinda cha pamwamba mnzanga wa masana anali atalemba kuti "Unsettled since 4pm, bellowing on and off." Ine mutu unathamangira ku "below" uja wa pansi. Ndiye ndinamva kuti agogowo akhala akutsikatsika masitepe. Poti miyendo yawo ndi yofooka ndipo anagwapo kale, mtima unangoti myuu. Ndinathamangira kwa nesi kukafunsa kuti bwanji palibe amene akuwayang'anira pa masitepepo. Nesiyo anandiyang'ana kaye, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo. Akuti agogowo sanasunthe pabedi, ankangokuwa basi. Tsono funso langa ndi ili: ngati n'kukuwa, bwanji sanangolemba "shouting"? Mawu amenewa akusiyana pati?

Tiyamike wa Fomu 4: Kkkkk pepani anti. Koma inenso ndimayesa ndi mawu amodzi. Pa bolodi la zidziwitso kusukulu kwathu pamalembedwa kawirikawiri kuti "the students bellow should report to the office".

Mayi a Chisomo: Tiyamike, ndiye kuti kusukulu kwanuko ana akuuzidwa kuti akuwe ngati ng'ombe kaye asanapite ku ofesi. Ine ndimalandira makalata ofunsira ntchito kuno ku Lilongwe, ndipo "please find bellow my contact details" ndamuwerenga mpaka kutopa naye. Anthu a madigiri awo ndithu. Choipa chake kompyuta siikuchenjeza ndi kamzere kofiira kaja, poti "bellow" ndi mawu enieni a Chingerezi. Imangoti mwina munthuyu akufunadi kukuwa.

Aphunzitsi Opuma: Mayi Nachisale, musachite manyazi, mwagwa m'dzenje limene ambiri tinagwamo. Tiyambe ndi katchulidwe. Mawu onse awiri ali ndi maphatikizo awiri, koma mphamvu imagwera malo osiyana. Wa ma L awiri mphamvu ili kumayambiriro: BE-lo, kumveka ngati "yellow" kapena "fellow". Wa L mmodzi mphamvu ili kumapeto: bi-LO, ngati "ago". Ife m'Chichewa tinazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga mu-NTHU sitinena, timati MU-nthu. Ndiye tikapeza mawu a maphatikizo awiri timangowatchula onse kuti BE-lo, ndipo zikafanana m'kamwa zimafanananso pa pepala. Chachiwiri, "below" si mneni, simungamuike -ing kapena -ed. Mukangoona "bellowing" kapena "bellowed" dziwani kuti pali wina akutulutsa mawu. Tanthauzo lake n'kukuwa ndi mawu aakulu, abesi, ochokera m'chifuwa. Ine m'kalasi ndinkawauza ana kuti n'kubangula.

aMbewe a ku Ngabu: Aphunzitsi, ulemu wanu, koma pa kubangulapo ndakana. Wobangula ndi mkango, ndipo ameneyo Chingerezi chili naye kale mawu ake, "roar". Dikishonale ya mwana wanga ikuti "bellow" ndi kulira kwa nkhunzi, ndipo apo ndiye mwalowa m'khola mwanga. Ng'ombe zili ndi kulira kuwiri. Pali kuja kwa madzulo zikamabwera kudambo, yaikazi ikuitana thole lake, mofatsa, pakamwa osatsegula kwenikweni. Ndiye pali kwa nkhunzi ikaona inzake tsidya lina la mtsinje. Imatsitsa mutu, kupalasa pansi ndi chiboda mpaka fumbi kugwera pa linunda, khosi kutupa, kenako n'kutulutsa mawu oti iwe uli pafupi umawamva m'mimba, osati m'khutu. Zimateronso zikanunkhiza magazi pamalo pamene mwaphera inzawo, khola lonse limasokonekera. Kumeneko ndiye ine ndikukumva kuti "bellow". Munthu akamachita zimenezo, ndiye kuti mawu akuchokera pansi pa nthiti.

Aphunzitsi Opuma: Ndagonja, bambo Mbewe. Zaka zonsezi ndakhala ndikubwereka mkango pamene nkhunzi inali pakhomo. Ndipo kulira kofatsa kumene mwatchulako nakonso kuli ndi mneni wake wakale m'Chingerezi, "low", ngakhale ana masiku ano amangoti "moo". Taonani msampha wake: ng'ombe ikalira mofatsa ndi "low", ikalira mwaukali ndi "bellow", ndipo "below" alibe nazo ntchito ng'ombe. Iye anangopangidwa polumikiza "by" ndi "low" wina uja wotanthauza chotsika.

Braz wa ku Joni: Madala, zimene akunena aMbewezo Azulu kuno ali nawo mawu ake enieni, ukukhonya. Nkhunzi ndiyo imakhonya, ndipo amanenanso za munthu amene akulamulira pamalo, woti akayankhula onse zii. Ine ndinkaganiza kuti kwathu ku Ntcheu, pokhala kwa Angoni, ndikawapeza mawuwa, koma ndimangomva anthu akuti ng'ombe ikulira. Mwana akulira, belu likulira, ng'oma ikulira, foni ikulira, ng'ombe ikulira. Mneni mmodzi ntchito zonsezo, ngati ife a maganyu kuno.

Nachisale wa ku Leeds: Kkkk achimwene a ku Joni mwanditsitsimutsa. Ndayamba kumva tsopano. Koma ndiye "shout", "yell", "scream" ndi ameneyu ndiziwasankha bwanji? Chifukwa ine zonse ndimangoti "shouting".

Aphunzitsi Opuma: Apa ndi pamene zilankhulo ziwirizi zimasiyana njira, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa. Ife tikamasankha mneni timayang'ana kwambiri chifukwa chimene munthu akukwezera mawu. Akakhala kuti wakwiya ndipo akudzudzula, timati akukalipa kapena akuzaza. Akamatulutsa mawu oipa pagulu, akulalata. Akaona mbala kapena njoka, akukuwa. Akamaitana munthu ali patali kapena kulengeza, akufuula. Ululu ukamukulira, akubuula. Mngerezi naye amaona zimenezo, koma khutu lake limatchera kwambiri pa kamvekedwe ka mawuwo. "Shout" ndi mawu a pakati, ongonena kuti wakweza mawu, alibe mbali. "Yell" n'chimodzimodzi koma akuthwa pang'ono, ndipo Amereka amawakonda kwambiri. "Scream" ndi "shriek" ndi mawu ang'ono, okwera, obaya m'khutu, monga a mwana amene wapsa ndi phala. "Bellow" ali mbali inayo, ndi akulu, otsika, odzaza nyumba. N'chifukwa chake munthu angathe "bellow" atakwiya, akumva ululu, akulamula, ngakhale akuseka kumene. Chifukwa chake chimanenedwa ndi mawu otsatira: "bellow with rage", "bellow in pain", "bellow with laughter". Ndiye musavutike kufunafuna mneni mmodzi wa Chichewa woti agwirizane naye paliponse. Pena adzakhala kukalipa, pena kufuula, pena kubuula, pena kuseka chikhakhali.

Tiyamike wa Fomu 4: Sir, ndalemba zonsezi m'kope. Ndiye m'chimangirizo ndingalembe kuti "The teacher bellowed me"?

Aphunzitsi Opuma: Ayi mwanangu, wolemba mayeso akudula pomwepo. Kumeneko n'kuganiza m'Chichewa, "anandikalipira", n'kuiwala kuti -ir- wathu uja m'Chingerezi amafuna mperekezi. Munthu wokalipiridwayo amatsogozedwa ndi "at": "The teacher bellowed at me." N'chimodzimodzi ndi "he shouted me" amene timamumva tsiku ndi tsiku, woyenera ndi "shouted at me". Chimene chingatsatire mneniyu mwachindunji ndi mawu otulukawo: "He bellowed orders", "She bellowed my name", kapena kuwonjezera "out": "They bellowed out the song." Komwe amakoma kwambiri ndi pambuyo pa mawu a munthu m'nkhani: "Get out!" he bellowed. Koma kamodzi kokha pa chimangirizo chonse. Ndinkachonga makope amene mwana waphunzira mawu atsopano Lolemba, ndiye Lachisanu aliyense m'nkhani yake, ndi khanda lomwe, akuchita "bellow".

Red Devil wa ku Ndirande: Ine Chingerezi changa ndinachiphunzirira pa mpira, ndiye ndikupatsani chitsanzo cha kumeneko. Sir Alex Ferguson, amene anaphunzitsa Manchester United kuyambira 1986 mpaka 2013. Osewera akalakwitsa ankawayandikira pamphuno penipeni n'kuwakalipira mpaka anthu anazitcha kuti "hairdryer", kunena kuti mpweya wake unkachita ngati kamakina koumitsira tsitsi. Imeneyo si "bellow"?

Braz wa ku Joni: Aise, timadziwa kuti ulowetsapo Man U penapake. Kuyambira 2013 amene akuchita "bellow in pain" ndinu masapota.

Red Devil wa ku Ndirande: Admin, munthu uyu achotsedwe.

Anesi a ku Manchester: Kkkk siyanani. Chitsanzo cha Ferguson n'cholondola. China chimene achemwali a ku Leeds angachione pa YouTube lero lomwe ndi John Bercow, amene anali sipikala wa nyumba ya malamulo ya ku Britain, House of Commons, kuyambira 2009 mpaka 2019. Nthawi ya mikangano ya Brexit, yokhudza kutuluka kwa Britain m'bungwe la European Union, aphungu akayamba phokoso, iye ankakoka mawu akuti "Order!" kuchokera m'mimba, nkhope itafiira, mpaka mavidiyo ake anafalikira dziko lonse. Munthu wake wamfupi ndithu, koma mawu ake odzaza nyumba yonse. Mukamumvera kamodzi simudzafunsanso tanthauzo.

Mayi a Chisomo: Nanga mzimayi angathe "bellow"? Poti zitsanzo zonse mwapereka ndi za abambo ndi nkhunzi.

Aphunzitsi Opuma: Angathe mayi, malamulo a chilankhulo saletsa. Chofunika ndi kukula kwa mawu. Tinali ndi matroni wina pasukulu ina yogonera konko imene ndinaphunzitsapo, ankaima pakhomo la hositelo m'mamawa n'kutchula dzina la mwana mmodzi, ife aphunzitsi tili kunyumba zathu kuseri kwa bwalo la mpira tinkadzidzimuka. Ameneyo ndingalembe "she bellowed" mosakayika. Kungoti dziwani kuti mukanena choncho za mzimayi, ena amamva ngati mukumujambula kuti ndi wamwano kapena wopanda ulemu.

Che Wadi wa pa depoti: Nanga anyamata oitanira minibasi aja, "Limbe! Limbe! Mmodzi yekha!" tiziti akuchita chiyani?

Mayi a Chisomo: Amenewo ambiri mawu awo anasasa kale, ine ndingati "shouting" kapena "calling out". Komanso akunama, mmodzi yekhayo sakwana mpaka ola lithe.

aMbewe a ku Ngabu: Mundilole ndifunse china. Bambo anga anali osula makasu ndi nkhwangwa. Pa chipala pawo panali mvukuto wa chikopa cha mbuzi, ine ntchito yanga ndili mwana inali kuvukuta, manja kukwera kutsika mpaka makala afiire. Mwana wanga akuti mvukuto pa Chingerezi ndi "bellows". Ndiye n'chifukwa choti umapuma ngati ng'ombe?

Aphunzitsi Opuma: Maganizo okoma, bambo Mbewe, koma mabuku ofotokoza chiyambi cha mawu amawaika padera. "Bellows" wa mvukuto anachokera ku mawu a Chingerezi chakale otanthauza thumba lachikopa, ndipo mbale wake weniweni ndi "belly", mimba. Mukaganiza bwino, mvukuto wa bambo anu unalidi thumba lachikopa. Mawuwa nthawi zonse amakhala ndi s kumapeto ngakhale mvukuto uli umodzi, monga "scissors" ndi "trousers". Pamene "bellow" wokuwa anachokera ku mneni wina wakale wotanthauza kulira kwa chinyama. Ndipo poti tafika pa achibale onamizira, pali winanso, "billow", wonena za utsi kapena nsalu ikamatukuka ndi mphepo. Mukawerenga munyuzi kuti "smoke was bellowing from the market", mtolankhaniyo wapatsa utsi pakamwa. Woyenera ndi "billowing".

Tiyamike wa Fomu 4: Below, bellow, bellows, billow. Kuwonjezerapo vuto lathu la L ndi R, "borrow" ndi "barrow" akubweranso. Ine MANEB indikhululukire.

Braz wa ku Joni: Limba mtima mphwanga, Chingerezi ukalakwa satifiketi ya MSCE siituluka. Kumbukira chonchi: nkhunzi ili ndi nyanga ziwiri, ndiye ma L akenso awiri.

Tiyamike wa Fomu 4: Eee, imeneyo ndiye yalowa!

Anesi a ku Manchester: Ndibwerere kwa achemwali a ku Leeds, chifukwa pali mbali ina imene sitinaikhudze ndipo kwa ife ogwira ntchito imeneyi ndi yaikulu kuposa sipelo. Achemwali, mawuwa muwadziwe kuti muziwamva, koma inu musawalembe m'buku la agogo. Mnzanu uja akanakhala pansi panga ndikanamuitanira pambali. Zimene timalemba zija amawerenga madokotala, oyendera ntchito, ndipo nthawi zina ana a agogowo. Taganizani mwana akuwerenga kuti bambo ake anali "bellowing". M'mutu mwake mukubwera nkhunzi ya aMbewe ija. Mawuwa si otukwana ayi, koma ali ndi chithunzi, ndipo chithunzicho chimamuonetsa munthu ngati wovuta, wosokosa, osati wodwala amene akufuna thandizo. Chinanso, sakuuza dokotala kanthu. Ankakuwa kuti chiyani? Nthawi yanji? Atachitiridwa chiyani anasiya? Lembani zimene mwaona ndi kumva: "called out loudly", "raised his voice", ndipo ngati mwamva mawu ake enieni alembeni momwemo. Agogo ambiri odwala matenda oiwalaiwala amasokonezeka kwambiri dzuwa likamapendeka, ndipo kukuwako nthawi zambiri kumakhala ululu, ludzu, kufuna kuchimbudzi kapena mantha.

Red Devil wa ku Ndirande: Koma anesi, si kukokomeza kumeneko? Ngati munthu akukuwa ngati ng'ombe, kulemba zoona kwalakwika pati? Azungu omwewo ndi amene anapanga mawuwo.

Anesi a ku Manchester: Achimwene, tiyerekeze agogo anu agonekedwa kuchipatala, inu mwabwera ndi phala m'mawa, ndiye namwino akukuuzani kuti "agogo anuwa usiku wonse amangolira ngati ng'ombe". Mwina n'zoona ndithu. Mungamuthokoze?

Red Devil wa ku Ndirande: Phalalo lingathere pa yunifolomu yake. Ndamva.

Aphunzitsi Opuma: Anesi anena zimene dikishonale siinena. Ine ndiwonjezere kuti mawuwa amakhala bwino m'nkhani zopeka, munyuzi, ndi pocheza pamene mukufuna anthu aseke kapena amuone munthuyo m'maso mwawo. Pamaso pa mwiniwake samalani. Mukauza bwana wanu kuti "stop bellowing" mwamunena kawiri, kuti akukweza mawu komanso kuti akuchita ngati chiweto. Mukafuna kuyamikira munthu wa mawu aakulu, monga mlaliki kapena wolengeza pa maliro amene safuna chimkuzamawu, pali mfotokozi waulemu, "booming voice". Palinso wina wa m'mabuku, "stentorian", wochokera pa dzina la Stentor, wolengeza wa m'nthano za Agiriki amene amati mawu ake ankafanana ndi a amuna 50 pamodzi. Koma ameneyo, Tiyamike, usamuyese pa mayeso usanamuzolowere.

Che Wadi wa pa depoti: Stentor ameneyo akanabwera kuno minibasi ikanadzaza mphindi ziwiri.

Nachisale wa ku Leeds: Zikomo nonse, ndagona pang'ono ndipo ndadzuka n'kupeza sukulu yathunthu. Bercow ndamuonera, mwana wanga mpaka anabwera kuchokera kuchipinda kudzafunsa kuti akukangana ndani. Anesi, mawu anu andilasa, chifukwa usiku uja nditamva kuti agogowo "amangokuwa" inenso ndinangoti basi ndi khalidwe lawo, sindinafunse kuti akukuwa chiyani. Ndikulowanso usiku uno, ndikatchera khutu.

Mayi a Chisomo: Mukatiuze achemwali. Ine pakadali pano ndabweza kalata ina ya "bellow" kwa mwiniwake, ndamulembera pambali kuti achotse nyanga imodzi.

Nachisale wa ku Leeds: Abale, ndabwera ndi lipoti. Cha m'ma 9 koloko usiku agogo aja anayambanso, mawu akulu ndithu, mpaka chitseko kunjenjemera, ndipo aMbewe ndinakukumbukirani. Koma ulendo uno sindinaime pakhomo, ndinalowa n'kukhala pampando pafupi ndi bedi. Ankatchula dzina limodzi lokhalokha, kenako n'kufunsa kuti bwanji palibe akuyankha. Ndinawayankha, iwo osandimva, kumangoyang'ana pakamwa panga. M'pamene ndinaona kuti kamakina kawo kothandiza kumva kali m'khutu koma sikakugwira ntchito. Batire linali litatha, kaya kuyambira liti. Munthu sankadzimva yekha, ndiye ankangowonjezera mawu. Nesi anapeza batire lina m'kabati, tinaika, ndipo agogo anadzidzimuka n'kundifunsa motsitsa kwambiri, mwaulemu, ngati kungapezeke tiyi. Dzina lija ndi la malemu akazi awo, lili pa chithunzi cha pakhoma. M'buku ndalemba kuti "Called out loudly for his late wife at 9pm. Hearing aid battery flat, replaced. Settled after tea." Aphunzitsi, "flat" ameneyo ndakhoza, kapena ndimayenera kulemba "finished"?

Aphunzitsi Opuma: Mwakhoza mayi, kumeneko batire likatha amati "flat" kapena "dead". "Finished" ndi wa kuno kwathu. Tiyi anamwa wa shuga angati?

Nachisale wa ku Leeds: Masupuni awiri, ndipo anapempha bisiketi.